Maluwa a m'zidebe ku Chigwa cha Shire: bwanji amangofa Okutobala akafika?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala m'nyumba yalendi pa Ngabu. Eni nyumba safuna kuti ndikumbe pabwalo, choncho maluwa ndimadzala m'ndowa zakuda ndi m'zitini za penti. Mbande ndimagula ku Blantyre kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Miyezi yozizira amakongola ndithu, koma Okutobala akangofika masamba amayamba kupsa m'mphepete, kenako duwa lonse lauma, chonsecho ndimathirira m'mawa ndi madzulo. Pamwamba pa dothi pamatuluka zoyera ngati ufa. Wapulumuka ndi bougainvillea yekha, koma naye ndi masamba okhaokha. Madzi timatunga pa mjigo. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Aphunzitsi, khama muli nalo, ndipo maluwa anu sakufa chifukwa mukuwamana madzi. Mwinanso madziwo ndi amene akuwatsiriza. Masamba opsa m'mphepete, zoyera pamwamba pa dothi, imfa yodikira Okutobala, zonsezi zikuloza kumizu. Kuno kuchigwa duwa la m'chidebe limayambira pansi kufa, ndipo pamene masamba akuonetsa, zinthu zimakhala zitavuta kale. Zimene zikupha mizuyo ndi ziwiri, kutentha kwa chidebe ndi mchere wa m'madzi.

Mbande zanu zaleredwa ku Blantyre, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000. Mukatsika zitunda za ku Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa, mwafika m'dziko lina: mbali yaikulu ya chigwachi kukwera kwake sikupitirira mamita 150, ndipo kumunsi kwa Nsanje, komwe Shire amatulukira m'Malawi, n'kosakwana mamita 50. Mu Okutobala ndi Novembala madigiri 40 si nkhani yodabwitsa kwa munthu wa pa Ngabu, Nchalo kapena Bangula. Koma muyeso umenewo ndi wa mpweya wa pamthunzi. Ndowa yakuda imene ili padzuwa imatentha kuposa pamenepo, ndipo dothi logundana ndi khoma lake loyang'ana dzuwa limatha kupitirira madigiri 50. Mtengo wa pansi sulabada zimenezi chifukwa mizu yake ili m'nthaka yakuya, mozizira. Duwa la m'ndowa mizu yake yanthete, imene imamwa madzi, imakonda kuzungulira m'mphepete mwenimweni, pomwe pakutentha kwambiripo.

Mudzionere nokha. Cha m'ma 2 koloko masana, gwirani ndowa kumbali ya kumadzulo. Ngati dzanja likulephera kukhalitsa, muzu sungakhalitse. Ndiye tengani limodzi mwa maluwa amene afa kumene, muligubuduze n'kulisolola ndi dothi lake lonse. Kumbali imene inali pamthunzi mupeza timizu toyera, tolimba. Kumbali ya dzuwa mupeza tofiirira, tofewa, ndipo mukatikoka ndi zala khungu limavuka n'kutsala kaulusi. Duwa lotere limafota ngakhale dothi lili chinyontho, chifukwa latsala ndi theka la mizu. Inu mukaona lafota mumawonjezera madzi, dothi limakhala tepetepe, mizu yotsalayo imasowa mpweya n'kuola.

Choncho musanagulenso mbande ina, konzani zodzalamo. Zitini za penti zachitsulo zisiyeni: n'zazing'ono, zimatentha msanga, ndipo dothi lochepa limauma m'maola owerengeka. Chidebe chikakula mizu ya pakati imakhala motetezeka, n'chifukwa chake kuchigwa kuno sindilimbikitsa chochepera malita 10, ndipo pa bougainvillea, hibiscus ndi ixora pamafunika cha malita 20 kapena kuposa. Ndowa zoyera zomwe munali penti, zikatsukidwa bwino, n'zabwino kuposa zakuda. Zakuda muli nazo kalezo musataye. Zipakeni laimu kapena penti yoyera kunja, kapena zivekeni chiguduli, kapenanso ikani ndowayo m'kati mwa chidebe chokulirapo, mpata wapakatiwo muthiremo mankhusu a mpunga kapena udzu wouma. Njira yomalizayi ndi imene ndimaikonda chifukwa dzuwa limathera pa chidebe chakunja.

Mphika wadothi umaposa zonsezi pa nkhani ya kutentha. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka, madzi amatulukira kunja pang'onopang'ono, ndipo akamauma amaziziritsa m'kati. Mtsuko wong'aluka umene wasiya kusunga madzi akumwa ndi wabwino kale. Ngati mukuitanitsa kwa amayi oumba mbiya, apempheni aboole pansi asanawotche, mabowo atatu kapena anayi olowa chala. Kuipa kwake n'kwakuti umauma msanga kuposa pulasitiki, ndiye umafuna diso.

Chilichonse chimene mwadzalamo chikhale pa njerwa ziwiri, osati pa simenti ya pakhonde kapena pa dothi. Simenti imaotcha chidebe kuchokera pansi, ndipo dothi limatsekera mabowo n'kupereka njira kwa chiswe. Malo abwino ndi kum'mawa kwa nyumba, komwe dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11 koloko, kenako mthunzi. M'mphepete mwa mthunzi wa mtengo wa nimu, womwe makomo ambiri kuno ali nawo, ndi pabwinonso. Khoma la kumadzulo lithaweni: limamwa dzuwa masana onse n'kumalavula kutenthako mpaka usiku. Zidebe muziunjike pamodzi, zazikulu kunja, zazing'ono pakati, kuti zizitchingirana.

Tsopano zoyera zija. Umenewo ndi mchere, wina wa mtundu wa mchere wa m'ndiwo, wina wa laimu. Madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ndi amchere, mpaka mijigo ina anthu anaisiya. Ngakhale mjigo umene mumamwa bwinobwino ukhoza kukhala ndi mchere wokwana kuvutitsa duwa, chifukwa m'chidebe mchere sumachoka. Madzi amauluka ndi dzuwa, ena duwa limamwa, mchere umatsala. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ndinu aphunzitsi. Tingoyerekeza kuti lita imodzi ya madzi anu ili ndi galamu imodzi ya mchere, omwe ndi madzi akuti munthu amamwa ndithu. Mukuthira malita 2 patsiku m'ndowa imodzi. Pakutha pa masiku 90 mwathiramo magalamu 180. Ngati madzi sakutulukira pansi, onsewo ali m'ndowamo. N'chifukwa chake maluwa anu amayamba bwino mu Meyi n'kudzagwa mu Okutobala: mchere wakhala ukuunjikana chilimwe chonse, ndipo ukufika pachimake nthawi imene dzuwa lafikanso pachimake.

Dothi likachuluka mchere limakanirira madzi, mwinanso kuwakoka kuchokera m'mizu, monga mmene mchere umatulutsira madzi mu nsomba yoti iyanikidwe. Duwa limafa ndi ludzu lili m'dothi lonyowa. Mchere umene lameza umakaunjikana kunsonga ndi m'mphepete mwa masamba, ndiye kupsa mukuonako, komwe kumayambira pa masamba akale a m'munsi.

Kuti mudziwe mjigo wabwino pakati pa imene muli nayo pafupi, thirani supuni ziwiri za madzi a mjigo uliwonse pa mbale yakeyake yakuda kapena pa galasi, muziike padzuwa. Zikauma yerekezani zotsalira. Mijigo yoyandikana imatha kusiyana kwambiri, ndipo mwina mwana wa njinga akhoza kumakutengerani chigubu kuchokera kumene kuli kwabwinoko.

Mankhwala a mchere ndi kutsuka dothi. Apa ndi pamene kathiriridwe kanu kayenera kusintha. Kuwaza pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, ndiko kumasunga mchere pamwamba. Thirani kamodzi koma mokwanira, pang'onopang'ono, mpaka madzi ayambe kudontha pansi, ndipo muwasiye adonthe ndithu. Pa makapu asanu amene mwathira, imodzi ituluke. Zikuoneka ngati kuwononga madzi omwe mwawavutikira pa mjigo, koma kapu yotulukayo ndi imene yanyamula mchere. Musaiwakhe m'beseni kuti mubwezeremo, ndipo musasiye chidebe chitakhala m'mbale ya madzi. Kupatula kubweza mchere, mbale zimenezo ndi moswanirana udzudzu, ndipo malungo kuno tili nawo okwana kale. Pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse, palani dothi loyeralo ndi supuni n'kulitaya kutali, kenako thirani madzi ochuluka kuwirikiza kawiri kukula kwa chidebecho, mwapang'onopang'ono, onse adutse. Mukatero bwezerani dothi latsopano pamwamba.

Madzi abwino koposa otsukira ndi a mvula. Mvula ya milimita imodzi pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Ndiye mbali ya denga la malata ya mamita 10 m'litali ndi 3 m'lifupi, pa mvula imodzi ya mamilimita 20, ikupatsani malita 600, madiramu atatu. Sangakufikitseni Novembala mukamathirira tsiku ndi tsiku, koma diramu imodzi yovindikira bwino, yosungira kutsuka kokha, imasintha zinthu. Madzi a mumtsinje ndi a m'ngalande za mthirira nawonso nthawi zambiri mchere wake ndi wochepa, ngakhale sindingatume munthu kugombe la Shire chifukwa cha duwa, ng'ona zili momwemo. Madzi otsukira mpunga kapena masamba a ndiwo ndi abwino. Ochapira zovala ndi sopo waufa ayi, sopoyo ali ndi mchere wakewake umene umalimbitsanso dothi.

Nthawi yothirira ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere. Musanathire lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri. Ngati m'kati muli monyowa, dikirani. Mu Juni ndi Julayi chidebe chachikulu chimatha masiku awiri kapena atatu. Mu Okutobala chidzafuna tsiku lililonse, ndipo ting'onoting'ono mwina kawiri. Chigubu chimene chakhala padzuwa musathirire nacho mpaka chizizire. Pamwamba pa dothi yalani mankhusu a mpunga, makoko a mtedza kapena masamba ouma, kukhuthala kwa zala ziwiri, koma asagunde tsinde.

Simunanene dothi limene mumagwiritsa ntchito, koma poti muli pa Ngabu ndikuganiza kuti ndi makande. Makande ndi dothi lachonde, thonje ndi mapira zimachita bwino mmenemo, koma m'chidebe ndi lovuta. Likanyowa limafufuma n'kumata, mpweya osalowa. Likauma limakhwinyata n'kusiyana ndi khoma la ndowa, pamatsala mpata wolowa mpeni. Mukathira madzi amangotsetsereka mu mpatawo n'kutuluka pansi nthawi yomweyo, inu n'kuganiza kuti mwathirira mokwana, pamene chibuma cha pakati, pomwe pali mizu, chili gwa. Mukaona madzi atuluka musanamalize kuthira, dziwani kuti ndi zimenezi.

Sakanizani chonchi: ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lofewa, la pansi pa mtengo kapena la kudimba, ndowa imodzi ya mchenga wa mumtsinje wa maso akuluakulu, ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Ngati mungapeze mankhusu a mpunga, owotcha mpaka kuda koma osafika phulusa, kapena zinyenyeswa za makala zotsalira pansi pa thumba, onjezani theka la ndowa. Ngati dothi lomwe lilipo ndi makande okhaokha, chepetsani likhale ndowa imodzi, mchenga ukhale wofanana nalo. Finyani chosakanizacho m'dzanja chili chonyowa pang'ono: chiumbike, koma mukachikhudza ndi chala chiphwanyike.

Ng'ombe kuno ndi zambiri, manyowa sasowa, koma samalani. Ndowe za m'khola zosakanikirana ndi mkodzo zili ndi mchere wambiri, ndipo zaziwisi zimaotcha mizu. Tengani za pa mulu umene wadutsa dzinja limodzi, zakuda, zosanunkha, zofumbutuka m'manja. Zitosi za nkhuku n'zaukali kwambiri, zipite kaye ku kompositi. Phulusa musathire n'komwe. Kumtunda, komwe dothi lambiri ndi la asidi, phulusa limathandiza. Kuno dothi ndi madzi zili kale mbali ya laimu, ndipo kuwonjezera phulusa kumachititsa kuti duwa lilephere kuyamwa ayironi. Chizindikiro chake ndi masamba anthete achikasu okhala ndi mitsempha yobiriwira, ndipo ixora ndiye amayamba kudandaula. Miyala yoyala pansi pa chidebe, yomwe ambiri amaikhulupirira, sithandiza madzi kutuluka, imangochepetsa malo a mizu. Phale limodzi pa bowo lililonse kuti dothi lisatayike ndi lokwanira.

Dzuwa lathu lomweli mukhoza kuligwiritsa ntchito. Dothi lochokera pomwe panali tomato kapena therere limatha kukhala ndi tinyongolotsi tosaoneka totupitsa mizu timfundotimfundo. Linyowetseni, muliyale mopyapyala, mulikute ndi pepala la pulasitiki loonekera m'kati, m'mbali mutsekere ndi dothi, likhale padzuwa la Okutobala milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Tizilomboto ndi njere zambiri za udzu zimafa.

Kusankha maluwa ndi kumene ambiri amataya ndalama. Ogulitsa a ku Blantyre sakukunamizani. Maluwa awo ndi abwino, koma ambiri ndi a kozizira. Hydrangea, fuchsia, pansy ndi impatiens zisiyireni a ku Zomba ndi Thyolo. Petunia mukhoza kusangalala naye kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mukudziwa kuti akatha watha, osadandaula. Rozi amakhala, koma movutikira, timaluwa tating'ono topsa m'mbali, ndipo mchere sagwirizana nawo. Ine sindingayambire pa iye.

Yambani ndi amene kutentha ndi kwawo. Vinca, wa maluwa oyera kapena apinki amasamba asanu, kwawo ndi ku Madagascar, ndipo amachita maluwa pafupifupi chaka chonse bola asakhale m'madzi. M'chomera chimenechi ndi momwe munachokera vincristine ndi vinblastine, mankhwala a khansa a m'zipatala, koma zimenezo sizikutanthauza kuti wina aziwiritsa masamba ake n'kumwa. Ali ndi poizoni. Portulaca ndi kaduwa koyanga pansi ka masamba onenepa, kamatsegula dzuwa likawala, ndipo ndi kokhako kamene ndingalole m'tayala kapena m'beseni lakale padzuwa la tsiku lonse. Mumangothyola kanthambi n'kubaya m'dothi. Zinnia, marigold, gomphrena ndi celosia ndi ofesa njere, amamera m'masiku ochepa, ndipo mukasiya mitu ingapo iume mwapeza mbewu ya chaka chamawa. Euphorbia milii, waminga uja wa timaluwa tofiira, amapirira ludzu kwambiri. Hibiscus ndi ixora amakonda kutentha, koma amafuna chidebe chachikulu ndi madzi abwinoko, ndiye muwatenge mukazolowera kutsuka dothi.

Amene ndimamuika patsogolo ndi adenium, wa tsinde lonenepa ngati kamlambe. Mtundu wina wake, Adenium multiflorum, ndi wachilengedwe m'madera otentha ndi otsika a kum'mwera kwa Africa, Malawi ali m'gulu, ndipo umachita maluwa oyera a m'mphepete mofiira nthawi yozizira, masamba atayoyoka. Dothi lake theka likhale mchenga, madzi pokhapokha lauma, ndipo nthawi ya mvula ya masiku angapo, ngati ija ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, mumulowetse pakhonde chifukwa chimene chimamupha ndi kuola kwa tsinde. Gulani kwa olima kapena fesani njere, osakazula kutchire. Utomoni wake, ngati wa euphorbia, ndi wapoizoni: usalowe m'maso, ndipo ana aang'ono asamaseweretse.

Bougainvillea wanu sakudwala, akungodyerera. Chomerachi chimachita maluwa chikapanikizika pang'ono. Mukamachithirira kawiri patsiku, n'kuthiranso urea kapena manyowa ambiri, chimangopanga nthambi ndi masamba. Chimafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndiye iyeyu mutu wake ukhale padzuwa, ndowa yokha ndi imene muitchingire. Lekani kumuthirira mpaka masamba a kunsonga ayambe kuwerama, ndiye mumuthire mokwanira, n'kudikiranso. Chitani zimenezi kwa mwezi kapena kuposerapo. Dulani nsonga za nthambi zazitali chifukwa maluwa amabwera pa mphukira zatsopano, ndipo ngati ali kale m'chidebe cha malita 20, musamusamutsire m'chokulirapo; mizu ikathinana ndi pamene amachita bwino.

Feteleza nayenso ndi mchere, ndiye pa madzi ngati anuwa dzanja lipepuke. Urea ndi nayitirojeni yekhayekha, 46 pa 100 aliyense, wa masamba. Wokulitsa chimanga uja wa 23:10:5 nayenso wapendekera komweko. D Compound amene alimi a fodya amamudziwa ali ndi nayitirojeni wochepa ndi potashi wochulukirapo, ndipo pa maluwa ndi wabwinoko. Kachitsekero kamodzi ka botolo la zakumwa pa ndowa ya malita 20, kamodzi pamwezi, pa dothi lonyowa kale, mozungulira m'mphepete kutali ndi tsinde. Mu Okutobala ndi Novembala lekani, mudzayambirenso mvula ikatsuka zidebe. Duwa lofota musalithire feteleza poganiza kuti lili ndi njala.

Tizilombo ta chilimwe ndi akangaude ofiira, tating'ono kwambiri, tokhala kunsi kwa masamba. Tsamba limachita timadontho totuwa ndi kaukonde kosalala. Amadana ndi chinyezi, ndiye kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi m'mawa kumawachepetsa. Kodikodi, woyera ngati thonje, amakonda hibiscus ndi adenium, ndipo nyerere zikamakwera ndi kutsika pa tsinde fufuzani, zimakhala zikuweta iyeyo kapena nsabwe za zomera. Sinjani masamba a nimu odzaza manja awiri, muviike m'malita 5 a madzi usiku wonse, musefe, musungunuliremo kachidutswa ka sopo wamtanda, n'kupopera madzulo dzuwa litapepa. Bwerezani pakatha sabata. Mbuzi zilibe mankhwala ena koma mpanda wa bango kapena thandala lalitali.

Ngati mukuwerenga izi chilimwe chili pakati, musagule kanthu pano. Pulumutsani zimene zatsala: zisamutsireni kum'mawa, tchingirani zidebe, palani mchere, tsukani dothi. Dothi la maluwa amene afa musadzalemonso lisanadutse mvula. Likhuthuleni pa mulu panja. Nthambi za bougainvillea ndi hibiscus zodzala dulani mvula ikakhazikika, zazitali ngati pensulo, muziike m'mchenga wonyowa pamthunzi. Njere fesani mu Epulo kapena Meyi, kuti Okutobala adzapeze mizu itakhwima. Mbande zabwino koposa ndi zopempha kwa anzanu a konkuno, pa khomo limene mwaona duwa likukongola mu Novembala, chifukwa limenelo layesedwa kale ndi dzuwa komanso madzi ofanana ndi anu. Mukagulabe ku Blantyre, gulani miyezi yozizira, musankhe zazifupi zosayamba maluwa, ndipo zikafika zikhale pamthunzi sabata yathunthu musanazichotse m'machubu, kenako muzizitulutsira padzuwa la m'mawa pang'onopang'ono.